MBEWA YA MANYAZI INAFERA KUUNA

 Sabata ino tiyeni tilingalire za tchimo lina lofatsa nkhope, limene sitilidzudzula kawirikawiri paguwa chifukwa limafanana kwambiri ndi khalidwe labwino. Tchimolo ndi kukana mphatso imene Mulungu anatipatsa, kenaka n'kumati kumeneko ndiye kudzichepetsa.

Mukudziwa zimene zimachitika ikafika nthawi yosankha maudindo mumpingo. Akatchula dzina la mayi amene wasunga ndalama za banki m'khonde kwa zaka zambiri popanda kusowa ngakhale tambala, mayiyo amagwetsa nkhope n'kunena kuti, "Ine ayi, sukulu sindinapite nayo patali." Akatchula bambo amene mudzi wonse umathamangirako mabanja akagwedezeka, bamboyo amati, "Ife ndi anthu wamba, sankhani ena." Mapeto ake maudindo onse amaunjikana pa anthu asanu omwe aja. Yemweyo ndiye msungichuma, yemweyo ndiye wa komiti ya chitukuko, yemweyonso ndiye wa zamaliro. Akatopa kapena akaphonyetsa, ife amene tinakana aja ndife oyamba kung'ung'udza panjira yobwerera kunyumba.

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri imene iyenera kuyendera limodzi. Woyamba umati ng'oma yolira sikhalira kung'ambika. Umenewu tinauloweza bwino, ndipo timaukumbutsa mwana aliyense amene wayamba kutukula mutu. Wachiwiri umati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Umenewu timangouuza mlendo amene akuchita manyazi ndi nsima, osazindikira kuti ukunena za moyo wathu wonse. Kudzitama kumapha, zoonadi. Komatu manyazi nawonso amapha, kungoti amaphera kuuna kumene kulibe wakuona.

Pa Mateyu 25:14-30 Ambuye Yesu akusimba za munthu amene, asananyamuke ulendo wautali, anasungitsa chuma chake kwa antchito atatu. Woyamba analandira matalente asanu, wachiwiri awiri, wachitatu imodzi. Ambiri timamvera chisoni wachitatuyu ngati kuti anam'patsa ndalama yogulira mchere. Ayi ndithu. Talente imodzi inali yofanana ndi madinari 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a tsiku lathunthu a munthu waganyu. Mukawerengetsa bwino, munthu ameneyu anasungitsidwa malipiro a zaka pafupifupi 20. Iye anali wochepa pokhapokha pomuyerekeza ndi anzake awiri aja. Apa ndi pamene ambirife timagwera: timayang'ana zisanu za mnzathu mpaka imodzi yathuyo imaoneka ngati palibe.

Taonaninso zimene zinachitika mwini chuma atabwerera. Antchito awiri oyamba aja anatchula poyera chiwerengero cha zimene analandira ndi cha zimene anapindula. Sanachepetse, sanabise, ndipo mbuye wawo sanawadzudzule kuti akudzitama, anawayamikira. Wachitatu uja sanabe kanthu, sanamwere mowa, sanataye ngakhale dinari imodzi. Anangokumba pansi n'kukwirira, chifukwa cha mantha. Koma ndi iyeyo amene anatchedwa woipa ndi waulesi. Ife tikanakhala oweruza, mwina tikanamutcha wofatsa ndi wosamala.

Amene tinagwirako ntchito m'boma tikudziwa kuti ofesi iliyonse imakhala ndi kaundula wa katundu, ndipo maodita akabwera amafananitsa zolembedwa ndi zimene zilipodi. Ofesala amene walemba njinga zamoto zisanu pamene zilipo zitatu ali pamlandu. Koma amene walemba ziwiri pamene zilipo zitatu alinso pamlandu womwewo, pakuti funso limabwera lakuti yachitatuyo akuibisiranji. Palibe odita amene anayamikirapo munthu kuti ndi wodzichepetsa chifukwa cholemba katundu wopelewera. Chimene chimafunika kwa wosungitsidwa ndi kulemba zoona. Luso lanu ndi katundu wa Mulungu amene wasungitsidwa kwa inu. Mukamanena kuti mulibe kanthu pamene muli nako, mukulemba bodza m'kaundula wa Mwini wake.

Taganizirani za Mose pa chitsamba choyaka moto, pa Eksodo 3 ndi 4. Munthu ameneyu anakulira m'nyumba ya Farao, ndipo Machitidwe 7 amatiuza kuti anaphunzira nzeru zonse za Aigupto. Pambuyo pake anaweta nkhosa m'chipululu zaka 40, moti ankadziwa njira zake ndi zitsime zake. Mwa Aisraele onse panalibe wina wodziwa nyumba yachifumu ndi chipululu chomwe ngati iye. Koma Mulungu atamutuma, anayamba kupereka zifukwa chimodzi pambuyo pa chinzake, mpaka anapempha kuti patumidwe wina. Malemba sanena kuti Mulungu anakondwera ndi kufatsa kumeneko. Amanena kuti anamupsera mtima.

Tsopano muyerekezeni ndi Davide pamaso pa mfumu Sauli, pa 1 Samueli 17. Atauzidwa kuti ndi mwana, Davide sanagwetse nkhope. Anafotokoza momveka kuti poweta nkhosa za bambo wake analimbanapo ndi mkango ndi chimbalangondo n'kuzigonjetsa, ndipo anavomereza kuti amene anamupulumutsa ndi Yehova. Atamuveka zovala zankhondo za Sauli, anazivula chifukwa sanazizolowere, n'kutenga choponyera miyala chake. Mnyamata ameneyu ankadziwa zinthu zitatu: chimene angathe, chimene sangathe, ndi kumene mphamvu yake inachokera. Kudzichepetsa kwenikweni ndi kumeneko.

Palinso mkazi wamasiye wa pa 2 Mafumu 4, amene wangongole ankafuna kumulanda ana ake awiri. Elisa atamufunsa za chimene anali nacho m'nyumba, iye anayamba ndi kunena kuti munalibe kalikonse, kenaka n'kukumbukira kamtsuko ka mafuta. Chozizwitsa chonse chinatuluka m'kamtsuko kamene kanatsala pang'ono kusatchulidwa. Ndi mabanja angati kwathu kuno amene akumira m'ngongole za katapira pamene kamtsuko kali pakona, kosawerengedwa?

Kwa inu achinyamata ndili ndi mawu apadera. Ambiri mumakwera basi kupita ku Joni kapena kumizinda yathu kukafuna ntchito, ndipo bwana akakufunsani chimene mumatha, mumayankha kuti, "Chilichonse." Mumaganiza kuti yankho limenelo likuonetsa mtima wofuna ntchito. Koma m'makutu mwa wolemba ntchito, chilichonse ndi chimodzimodzi ndi palibe, ndipo munthu wa chilichonse amapatsidwa malipiro a chilichonse. Mnzanu amene wanena kuti, "Ndimasoka, ndipo suti ndimaimaliza m'masiku atatu," kapena kuti, "Ndimadziwa kuika matailosi," wadziikira yekha mtengo. Zaka zimene ndinakhala pa mipando yofunsa anthu ofuna ntchito, ndinaona ana anzeru akubwerera chimanjamanja, osati chifukwa chosadziwa, koma chifukwa anawalera kuti kutchula zimene umatha ndi mwano.

Vuto lina ndi lakuti tinachepetsa tanthauzo la mphatso. Mumpingo timaganiza kuti mphatso ndi kulalikira ndi kuimba basi. Kunja timaganiza kuti ndi satifiketi. Koma pa Eksodo 31 Mulungu anaitana Bezaleli pomutchula dzina, n'kumudzaza ndi Mzimu wake, osati kuti akalalikire, koma kuti akaseme mitengo, akadule miyala, akasule golide, siliva ndi mkuwa. Pa Machitidwe 9, Dorika atamwalira ku Yopa, amasiye sanaonetse Petro maulaliki ake. Anamuonetsa zovala zimene anawasokera. Singano inali utumiki wokwanira kuti mtumwi ayende ulendo kuchokera ku Lida.

Yang'anani pozungulira inu. Msodzi wa ku Chiuta amene amaona mtambo n'kudziwa kuti lero bwato lisalowe m'madzi ali ndi nzeru imene sailemba pa bolodi. Mlimi wa mpunga wa ku Domasi amene amadziwa tsiku lookera ndi muyezo wa madzi m'munda, mlimi wa thonje wa ku Utale amene amazindikira mbozi isanawononge, makanika wa njinga wa pa Ntaja amene amamva vuto ndi khutu asanagwire sipanala, telala wa pakhonde la sitolo pa Ulongwe, onsewa ali ndi matalente. Nanga mayi uja amene pamaliro amangoyang'ana khamu n'kudziwa ufa wokwanira, n'kugawa anzake ena kumadzi, ena kunkhuni, ena kumiphika, anthu mazana n'kudya popanda mkangano? M'maofesi ntchito yotereyi amailipira ndalama zambiri. Koma mukamufunsa mayiyo, adzakuuzani kuti iye sadziwa kanthu.

Mbiri ya mpingo wathu womwe ikutitsutsa. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo ya Domasi, pafupi ndi ife pano, mu 1884. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene alendo amachijambula mpaka lero, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo amene anaumba njerwa ndi kuziyala anali makolo athu, anthu amene anali asanamangepo nyumba yotero. Akanati onse anene kuti, "Ife ndi anthu wamba," pamalo paja pakanakhala thengo. Mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre, pa nthawi imene azungu ambiri ankakayika ngati munthu wakuda angasenze udindo wotero. Matecheta, Myao, anatumikira zaka zambiri pakati pa Angoni a ku Ntcheu, oyandikana nafe. Anthu amenewa sanadzitame, koma sanakanenso chimene chinaikidwa mwa iwo.

Chitsanzo china chili pakhomo penipeni. Mu 1978, pa parishi ya abale athu a Katolika ku Balaka, achinyamata otsogozedwa ndi Paul Banda anayambitsa Alleluya Band, mothandizidwa ndi wansembe wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici. M'gulu limenelo munakulira mng'ono wake wa Paul, Lucius Banda, amene pambuyo pake anayambitsa Zembani Band, n'kukhala mmodzi wa oimba odziwika kwambiri m'dziko muno kufikira imfa yake mu 2024. Katauni kotentha, ka thonje ndi njanji, kamene kanali pansi pa Machinga mpaka pamene Balaka inakhala boma palokha mu 1998, kanatchuka m'Malawi monse ngati kwawo kwa oimba. Kodi mukuganiza kuti Mulungu anathira luso la nyimbo ku Balaka kokha, n'kumana Nsanama ndi Chikweo? Ayi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kunapezeka ana amene anavomera kuti amatha, ndi akulu amene anawapatsa zida ndi malo m'malo mowauza kuti akhale chete.

Tsono n'chifukwa chiyani timabisa? Tiyeni tinene chilungamo: kawirikawiri si ulemu, ndi mantha. Timaopa nsanje. Munthu akakolola matumba ambiri kuposa anzake, sitifunsa za manyowa amene anathira kapena tsiku limene anadzala. Timanong'onezana kuti ndi wokhwima. Mtsikana akamayankha bwino m'kalasi timati akudzimva. Mnyamata akabwera ndi ganizo latsopano kumsonkhano timati akufuna aoneke. Choncho anthu anaphunzira kuti njira yokhalira pamtendere ndi kudzionetsa wopanda kanthu. Pamenepa mlandu suli pa wobisa yekha. Ulinso pa ife amene tinasandutsa midzi yathu ndi mipingo yathu kukhala malo amene mbewa ikatulutsa mutu imakumana ndi chibonga. Mkhristu amene amakhulupirira kuti Yesu anagonjetsa imfa sayenera kukwirira talente yake poopa mfiti, ndipo sayeneranso kutcha mnzake mfiti chifukwa choti Mulungu wadalitsa ntchito ya manja ake.

Ena timabisa chifukwa cha ulesi. Tikudziwa kuti tikangovomera kuti timatha kulemba bwino, atipatsa buku la maminitsi. Tikavomera kuti timadziwa kumanga, atiitana Loweruka kukakonza nyumba ya abusa. Kunena kuti sindingathe n'kotchipa kuposa kunena kuti sindikufuna. Kumbukirani kuti mbuye uja anaona kuseri kwa mantha a wantchito wake n'kupezako ulesi.

Ndikudziwa kuti wina akufunsa kale mumtima kuti: kodi a mkulu wa mpingo sakutiphunzitsa kunyada? Funsolo n'loyenera, makamaka masiku ano pamene pa Facebook pali anthu ambiri odziimbira okha ng'oma, odzipatsa maudindo amene palibe anawadzoza. Yankho langa lili mumtsinje wa Shire. Imani pa mlatho wa pa Liwonde muyang'ane madzi akudutsa pa Kamuzu Barrage, imene inamangidwa mu 1965 kuti iziwongolera kayendedwe kake. Madzi amenewo Shire sanawapange. Achokera ku Nyanja ya Malawi, adutsa ku Malombe. Shire atanena kuti madziwo ndi akeake, ndiye kuti wanama. Koma atanenanso kuti alibe madzi, wanamanso, ndipo magetsi a ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira akanazima. Wonyada amaiwala nyanja. Wodzikana amaiwala anthu a kumunsi amene akudikira madziwo. Mkhristu amati: madzi ndili nawo, si anga, ndipo akupita kwa ena.

Chiphunzitso chimenechi si chachilendo kwa ife a Chipresibeteriya. John Calvin, m'buku lake lalikulu la chiphunzitso limene linatuluka koyamba mu 1536, anayamba ndi mfundo yakuti kudziwa Mulungu ndi kudzidziwa wekha n'zolumikizana. Ife tinagwirapo theka lokha, lakuti tidziwe kuchimwa kwathu, ndipo n'loona. Koma munthu amene amadziwa zofooka zake zokha, osadziwa zimene anapatsidwa, adzayamika chiyani? Simungathokoze chifukwa cha mphatso imene mukukana kuti munalandira. Paulo pa Aroma 12 sakutiuza kuti tidziyese opanda pake. Akutichenjeza kuti tisadziyese koposa muyezo, koma tidziyese moona, ndipo nthawi yomweyo akundandalika mphatso zosiyanasiyana, kuphatikizapo kugawira ena, kutsogolera ndi kuchitira anthu chifundo, n'kulamula kuti aliyense agwiritse ntchito yake.

Tsono mungaidziwe bwanji mphatso yanu? Dzifunseni mafunso anayi. Choyamba, kodi anthu amabwera kwa inu kudzapempha thandizo lanji? Anthu sapita kukatunga pachitsime chouma. Chachiwiri, ndi ntchito iti imene inu mumaiona yopepuka pamene anzanu amatuluka nayo thukuta? Mphatso zambiri zimabisala pamenepo, chifukwa chimene chili chosavuta kwa ife timachiyesa chachabe. Chachitatu, ndi chiyani chimene chimakupwetekani mtima mukachiona chikuchitidwa mosalongosoka? Amene amavutika kwaya ikaphonya mawu ali ndi khutu. Amene amavutika mlendo akaima pakhomo la tchalitchi popanda womulonjera ali ndi mphatso yolandira alendo. Chachinayi, ndi mavuto ati amene munapyolamo n'kutuluka muli chiimire? Mayi amene walera ana amasiye asanu ndi geni ya tomato, mkango wake ndi chimbalangondo chake anazigonjetsa kale, ngakhale palibe anamuombera m'manja.

Ndikukupemphani kuti sabata ino mutenge pepala ndi cholembera, mulembe zinthu zitatu zimene mumazichita bwino. Musalembe zimene mumalakalaka, lembani zimene zilipodi, monga muja alembera kaundula. Kenaka muonetse munthu mmodzi wokudziwani amene saopa kukuuzani zoona, kaya ndi akunyumba kwanu, kaya mnzanu wa kumlaga, kuti achotsepo chimene mwadzinamiza ndi kuwonjezerapo chimene mwaiwala. Mukatero mugwade, muyamike Mulungu pa chilichonse pochitchula dzina. Pomaliza sankhanipo chimodzi mupite nacho kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu, kwa amayi a Mvano, kapena kwa atsogoleri a achinyamata, mukanene kuti, "Ichi ndimatha, ndigwiritseni ntchito." Musadikire kuti akupempheni katatu.

Kwa inu makolo anzanga, mwana amayamba kudziona m'maso mwa amayi ndi abambo ake. Ambirife timadziwa kutchula zolakwa za ana athu mwatsatanetsatane, koma zabwino zawo timazisunga kuti tidzazinene pa mwambo wa maliro. Mwana akalephera mayeso a Fomu 4, musamutche mbuli. Mwina ndi yemwe uja amakonza wailesi ya agogo ake, kapena amene mbuzi zimaswana m'manja mwake. Muuzeni kuti, "Mwanawe, ichi umachitha," ndipo mumuthandize kupeza mmisiri woti amuphunzitse. Mawu amenewo sawononga mwana. Chimene chimawononga mwana ndi kukula osamvapo kuti pali chimene amatha.

Ndipo kwa inu anzanga opuma pantchito, penshoni si manda a talente. Aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi ndi akalaliki amene tabwerera kumudzi tanyamula zaka makumi za luso. Pali ana a Sande sukulu osadziwa kuwerenga, pali makomiti osadziwa kulemba lipoti la ndalama, pali amasiye amene akulandidwa katundu chifukwa chosadziwa khomo loyenera kugogoda. Mwini chuma sanabwerebe, choncho nthawi yochita nacho malonda ikadalipo.

Tsiku likubwera limene aliyense wa ife adzaitanidwa kukapereka chiwerengero. Pa tsikulo simudzafunsidwa za matalente asanu a mnzanu, ndipo simudzafunsidwa chifukwa chimene simunakhalire Mose kapena Paulo. Mudzafunsidwa za imodzi ija imene inaikidwa m'manja mwanu. Kaifukuleni lero, muisase dothi, muitchule dzina popanda manyazi, ndipo ulemerero muupereke kwa Iye amene anakupatsani.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, inu ndi mabanja anu. Amene mwawerenga mpaka pano, kawerengereniko agogo ndi ena amene alibe foni. Tionana Lamulungu. Amen.